Mbiri ya Mikanda ndi Mfundo za pa Mkono

Pa msonkhano wa aphunzitsi umene tinali nao m'nyengo ya masika, mbale wina anaimirira nafunsa za tizibangiri timene ana a sukulu ayamba kubvala pa mikono, tija tolukidwa ndi ulusi wakuda, tokhala ndi mkanda umodzi umodzi pakati pa mfundo. Funso lace linali lakuti, Kodi tiziwaleka ana kulowa nato m'sukulu ndi m'kalasi ya ubatizo, kapena tiziwabvula pakhomo? Ena anati ndi masewera cabe. Ena anati ndi zithumwa zakale zimene zasintha nkhope. Ndipo dzuwa linapendeka tisanamvane. Ine ndinakhala cete, pakuti pa mlandu womwewu ndinalakwapo kale, ndipo munthu wolakwa safulumira kutsegula pakamwa pa bwalo.

Pamene ndinali mphunzitsi wamng'ono pa sukulu ina ya m'mudzi, mwana wamkazi wa zaka ngati 10 anafika m'mawa ali ndi kacingwe ka mikanda yoyera ndi yofiira pa mkono. Sindinamfunsa kanthu. Ndinatenga mpeni wosongolera mapensulo ndi kudula kacingweko pamaso pa anzace, ndipo mikanda inamwazika pa dothi. Mwanayo anagwada nayamba kutola umodzi umodzi, osalira konse, ine ndiri kumuuza kuti akhale pa malo pace. M'mawa mwace sanabwera. Itatha sabata agogo ace anadza, nakhala pansi pa mtengo kufikira ana ataweruka, nandiuza mofatsa kuti mikanda ija inali ya amace a mwanayo, amene anamwalira caka comweco, ndi kuti munalibe mankhwala ali onse m'menemo. Kuyambira tsiku lija ndakhala ndikufunsa akuru ndi kufunafuna m'mabuku za kumene zinthu izi zinacokera. Ndipo zimene ndinalephera kunena pa msonkhano ndizilemba pano, kuti inu, abale anga aphunzitsi ndi alaliki, muweruze mlanduwu mutamva mbiri yace.

Tiyambe ndi maina, popeza pepala lino ndi la mau ndi miyambo. Timati mkanda uwu, mikanda iyi. Ndipo dzina limodzili ligwira nchito ziwiri, pakuti kanjere kamodzi kobooka ndi mkanda, cingwe conse codzala ndi mkandanso. Kwa Aswahili mkanda ndi lamba, ndipo ine ndiganiza kuti kwa ifenso dzinali linayamba pa cingwe lisanafike pa njere. Mau ena ofunika kuwayang'anitsa ndi cuma. Ife titi cuma ponena za kulemera kwa munthu. Aswahili ati cuma ponena citsulo. Koma kwa Ashona a ku Zimbabwe cuma ndi mikanda. Musaiwale ici, pakuti tidzacipezanso patsogolo. Cobvala ca pa mkono ciri ndi maina atatu: khoza, ndilo la mnyanga wa njobvu, cingwinjiri, ndico ca mkuwa kapena citsulo, colira poyenda, ndi cibangiri, dzina lacilendo lobwera ndi amalonda, limene lero lameza anzacewo. Aneni ace ndi anai, ndipo ana athu awasokoneza. Ulusi timapota, mikanda timatunga, mfundo timamanga, dengu, ukonde ndi tsitsi timaluka. Mwana akalemba kuti wapota mikanda, mkonzeni. Koma pa kacibangiri kamene tiri kunenaka aneni onse anai akomana, pakuti ulusi wace ngopota, mikanda yace njotunga, mfundo zace nzomanga, ndipo zikandandalikana mfundozo timati kalukidwa. Cifukwa cace mbiri yace iri ndi mitsinje ingapo, ndipo tiyenera kutsata uli wonse pa wokha.

Ambiri ayesa kuti mikanda inadza ndi Azungu. Si cotero. M'phanga la Blombos, m'mphepete mwa nyanja ku South Africa, anthu ofukula zakale anapeza tizigoba 41 ta nkhono za m'madzi, tobooledwa ndi dzanja la munthu ndiponso toperepeseka ndi cingwe. Ndipo polengeza m'caka ca 2004 anati tiri ndi zaka ngati 75,000. Za kawerengedwe ka zaka zotere tidzakambirana tsiku lina. Cofunika pano ndi cakuti mkanda wa m'Afrika ngwakale kuposa khasu, kuposa mbiya, kuposa mudzi. Kwathu kunonso, pa phiri la Hora m'boma la Mzimba, anafukula tizidutswa tozungulira ta cigoba ca nkhono ya kumtunda, yomwe ija ituruka ndi mvula yoyamba, tina totha kupera, tina tosiyidwa pakati pa nchito; ndipo kena mwa ito kali ndi zaka zoposa 9,000. Pambuyo pace makolo anatunga njere za m'chire, timitengo, mafupa ndi mano a nyama. Ndipo atadziwa ng'anjo anasula mikanda ya mkuwa ndi ya citsulo.

Cimene cinacokera kutsidya kwa nyanja ndi mkanda wa galasi. Ndipo woyambawo sunacokera ku Ulaya, koma ku maiko a kum'mawa, makamaka India. Zombo za matanga zinadza ndi mphepo yoomba kucokera kumpoto m'miyezi ya December ndi January, nizikoceza ku Kilwa ndi ku Sofala, nizidikira mwera kuti uzibweze kwao. Kucokera ku madooko amenewo mikanda inakwera m'dziko pa mitu ya anthu, mudzi ndi mudzi, kusinthana ndi minyanga, golidi ndi mkuwa. M'caka ca 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi m'dziko la Zambia, anagwera manda a anthu olemera a zaka 400 kapena 500 zapitazo. Mitembo inali ndi mikanda ya golidi ndi ya galasi m'khosi ndi m'ciuno, mphande za ku nyanja yamcere, ndi zingwinjiri za mkuwa zocuruka pa mikono ndi miyendo. Ndipo pansi pa mkuwawo panatsala tizidutswa ta nsaru tosabvunda. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali mudzi waukuru wa Kalonga, Yusuf Juwayeyi, katswiri wa dziko lathu lomwe lino, anafukula mikanda yambiri ya galasi, mapale a mbale za ku China, zinthu za mkuwa, ndi zotsala za minyanga imene amisiri anasemapo makoza. Tsono Amaravi a kwa Kalonga anabvala mikanda ya ku India kalekale, mmishoni woyamba asanaponde dziko lino ndi zaka mazana atatu kapena kuposa.

Apwitikizi, amene anafika ku gombe la kum'mawa ndi Vasco da Gama m'caka ca 1498, anaphunzira phunziro limene wamalonda ali yense wa mikanda anaphunzira pambuyo pao, lakuti mkazi wa kuno sakakamizidwa mtundu wa mkanda. Mikanda imene anatenga ku Ulaya anthu anaikana. Ndipo anayenera kupita ku India, ku dooko la Negapatam, kukagula yomwe ija anthu anazolowera. Pamene Gaspar Bocarro anayenda kucokera ku Tete kumka ku Kilwa m'caka ca 1616, napitira kwa mfumu Muzura, kamba wace wa pa njira ndi mphatso zace kwa mafumu zinali nsaru ndi mikanda.

Mikanda ya agogo athu, ija yaing'ono ngati njere za mawere, yambiri inacokera ku Venice m'dziko la Italy. M'caka ca 1291 akuru a mzindawo, poopa moto, analamula kuti ng'anjo zonse za galasi zisamukire pa cisumbu ca Murano, ndipo kumeneko nchitoyi inakula. Kapangidwe kace nkoyenera kukafotokozera ana, pakuti ambiri ayesa kuti mkanda uli wonse aubowola ndi singano. Mmisiri asungunula mcenga pamodzi ndi phulusa la mtundu wina ndi zopatsa maonekedwe. Atenga ntanda wa galasi lofiira ndi moto pa nsonga ya ndodo yacitsulo, naubowola pakati. Mnzace amamatiza ndodo yina ku mbali inayo. Ndipo awiriwo ayenda mofulumira kutalikirana, galasi liri kukokeka ngati ulimbo, kufikira lisanduka kabango kocepetsetsa kotalika mayadi ambirimbiri, ndi boo lace lija liri m'kati kuyambira kuno kufikira uko. Kakazizira akadula tizidutswa. Tizidutswato tikhala takuthwa; cifukwa cace atseka maboo ace ndi makala osinja osanganiza ndi njereza, natitembenuza m'mbiya yacitsulo pa moto pamodzi ndi mcenga kufikira m'mbali mwace mwafafanizika. Pomariza akazi aumphawi a m'mzindamo, okhala pa makomo ao ndi cipande codzala mikanda pa miyendo ndi masingano atali ambiri m'dzanja limodzi, anaitunga m'zingwe ndi kumanga mitolo, kulandira malipiro ocepa. Ndikaganiza za akazi amenewo ndiona kuti mkanda wa agogo anga unapita m'manja a mkazi wosauka kutsidya lija usanafike m'manja a mkazi wosauka kutsidya lino, ndipo wolemera nao anali wa pakati. Dziko la Bohemia, makamaka mzinda wa Jablonec, linapikisana ndi Venice pa malondawa. M'caka ca 2020 bungwe la UNESCO linalemba umisiri wa mikanda ya galasi wa ku Italy ndi France m'kaundula wa miyambo yoyenera kusungidwa.

Tsono tibwerere ku mau aja akuti cuma. M'zaka za m'ma 1800 mkanda unali ndalama pa njira zonse zocokera ku Zanzibar ndi ku Kilwa kulowa m'kati mwa dziko. Richard Burton, amene anayenda kufikira ku nyanja ya Tanganyika m'caka ca 1858, analongosola muyeso wace. Cingwe ca mikanda copinda pawiri, coyambira pa cala cacikuru kufikira pa cigongono, anaciyesa khete. Ndipo makhete 10 omangidwa pamodzi anawacha fundo, ndiwo mau athu omwe aja akuti mfundo. Onani tsono kuti mkanda ndi mfundo zinayenda pamodzi kuyambira pa malonda pomwe. Mitundu ya mikanda inali ngati 400, uli wonse ndi dzina lace ndi mtengo wace. Wokondedwa kwambiri unali wofiira kunja ndi woyera m'kati, wochedwa samesame, umene amalonda anaupatsa maina onena kuti utha cakudya m'nkhokwe ndi kuti upasula mudzi, cifukwa ca umo anthu anaulakalakira. Waulendo wotenga mtundu wolakwika anagona ndi njala ali ndi matumba odzala.

Pano pali cinthu cowawa cimene sitiyenera kubisira ana. Cimene cigula nkhuku cigulanso munthu. David Livingstone anasimba kuti pamene anali kwa mfumu Shinte ya Alunda m'caka ca 1854, mfumuyo inambveka mphande m'khosi, ndipo anthu anamuuza kuti mphande ziwiri zotere zinali mtengo wa kapolo, ndi zisanu mtengo wa mnyanga. Maulendo a Aluya ndi Ayao, ndi ngalawa za Jumbe wa ku Nkhotakota, zinadza ndi nsaru, mikanda, mfuti ndi onga, nizibwerera ndi minyanga ndi anthu m'magori. Anthu 84 amene Livingstone ndi anzace anamasula pa mudzi wa Mbame mu July 1861 anali katundu wa malonda amenewa. Ngati mkanda uli ndi chimo m'mbiri yace, chimo lace lalikuru ndi limeneli, la umbombo; si la ufiti.

Ndipo ife a mishoni tisadziyese oyera m'manja pa nkhani ya kufalitsa mikanda. Pamene amishoni anakhazikika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ndi ku Mvera mu 1889, kunalibe ndalama zacitsulo m'midzi. Oumba njerwa, otema mitengo ndi amtengatenga analandira nsaru, mikanda ndi mcere. Ndipo sitoro za African Lakes, kampani yoyambidwa mu 1878, zinagulitsa zomwezo. Mazira ndi ufa wa pa gome la mbusa zinagulidwa ndi mikanda. Ndalama zacitsulo zinapambana m'zaka za m'ma 1890, boma litayamba kufuna msonkho wa nyumba. Ndipo kuyambira pamenepo mkanda unaleka kukhala cuma nutsala cokometsera ndi ca mwambo. Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anali amisiri ace, natunga mikanda pa mitsempha ya ng'ombe. Za mikanda ya m'ciuno, ndi za yoyera ndi yofiira imene mkazi wokwatiwa alankhula nayo ndi mwamuna wace popanda mau, sindidzalemba pa pepala limene ana angalitole. Amai a cilangizo adziwa, ndipo adziwanso kuti m'menemo muli ulemu wa m'nyumba, si mankhwala.

Mkanda wa galasi unali mlendo, koma cingwe cinali cathu. Livingstone ali ku Tete m'caka ca 1856 anaonetsedwa ulusi wa bwazi, citsamba cija ca maluwa ofiirira onunkhira, nalemba kuti anthu a kumeneko anatungira mikanda pa ulusi umenewo, ndi kuti unali wolimba kotero kuti ukadaceka cala usanaduke. Makolo anadziwanso luzi la mombo, la mlambe, ndi thonje lao lomwe; khonje linadza pambuyo. Amene anaona nkhalamba iri kupota sadzaiwala: itenga timitolo tiwiri ta luzi, itigoneka pa nchafu, itikunkhuniza ndi cikhato kumka ku bondo kuti kali konse kapoteke pa kokha, ndipo pobweza dzanja tiwirito tikulungana tokha ndi kukhala cingwe cimodzi; ilumikiza luzi lina osamanga mfundo, iri kuceza, maso ali kwina. Lero mwa anyamata 40 a m'kalasi yanga sindiyesa kuti atatu angathe kucita ici. Ndico cimene cindidetsa nkhawa koposa mikanda.

Mtsinje wotsiriza ndi wa mfundo. Kumanga mfundo zondandalikana kuti zikhale cokometsera Azungu akucha macramé, mau amene anatenga kwa Aluya kapena kwa Aturuki, onena nsaru yopukutira yokhala ndi mphonje. Ciyambi cace ndi bvuto limene woomba nsaru ali yense alidziwa, angakhale Amang'anja a m'cigwa ca Shire amene anaomba nsaru za thonje: nsaru ikadulidwa pa mtengo woombera, ulusi wa kumapeto ufuna kumasuka. Oomba a kwa Aluya anamanga ulusi wotsalawo mfundo, poyamba kuti usamasuke, pambuyo pace mwaluso kuti ukome. Nzeruyi inalowa m'dziko la Spain ndi Asilamu amene analamulira mbali za dzikolo kuyambira 711 kufikira 1492. Inafika ku Italy, kumene akazi a ku Genoa anachuka ndi mphonje za nsaru zao. Ndipo amalinyero a m'zombo za matanga, okhala miyezi pa nyanja pakati pa zingwe, anailandira nailuka malamba, zikwama ndi zogwirira mipeni, nazigulitsa m'madooko. Ku England buku lophunzitsa nchitoyi linaturuka mu 1882, ndipo akazi anadzaza nyumba zao ndi mphonje. Kwa ife aphunzitsi dzina loyenera kukumbuka ndi la Valentina Cavandoli, mphunzitsi wamkazi wa ku Turin, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaphunzitsa ana aang'ono a pa sukulu yace kuluka zithunzi ndi mfundo za ulusi wa mitundu iwiri. Ndipo kalukidwe kameneko kachedwa ndi dzina lace kufikira lero. Clifford Ashley wa ku America anasonkhanitsa mfundo ngati 3,900 m'buku lace la 1944. M'zaka za m'ma 1970 anyamata ndi asungwana a ku America ndi ku Ulaya anaidzutsanso nchitoyi, naika mikanda pakati pa mfundo. Ndipo citapita caka ca 2000 tizibangiri totere, ta ulusi wa nailoni ndi mikanda yochipa ya ku China, tinafika m'misika yathu.

Kalukidwe kace nkotere, ndipo mphunzitsi ayenera kuyesa yekha asanaweruze. Tengani zingwe ziwiri. Cina, cotalika mkono umodzi, ndico nsici. Mutungepo mikanda yonse, 7 kapena 9, ndipo mucimange pa misomali iwiri yokhomedwa pa thabwa kuti cikungike. Cinzace, ca mikono inai, mucipise kunsi kwa nsici kufikira pakati pace, kuti mbali yina igwe kumanzere, yina kumanja. Tsono ya kumanzere muigoneke pamwamba pa nsici, kusiya kadiso kumanzereko. Ya kumanja muiike pamwamba pa mcira wa inzaceyo, muipise kunsi kwa nsici, ituruke m'kadiso kaja. Ndipo mukoke zonse ziwiri pamodzi. Limeneli ndi theka la mfundo. Theka laciwiri licitike comweco, koma liyambire kumanja. Mukasinthanitsa manja cotero nchito ikhala yaphanthiphanthi ndi yoongoka. Mukayambira mbali imodzi nthawi zonse ipotoka ngati nyanga ya ngoma, nyama ija ya m'chire, ndipo ena acita dala cifukwa kukoma. Mutamanga mfundo zitatu kapena zinai, kankhani mkanda umodzi ufike pa mfundo yotsiriza. Zingwe ziwiri zija ziulambalale, cina uku cina uku, ndipo mumange mfundo kunsi kwace molimba. Muteronso kufikira mikanda yatha. Potseka, masulani nsici pa misomali, mupingasitse mapeto ace awiri, ndi kumanga mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa onse awiri ndi kacingwe kena kapadera. Pamenepo cibangiri cifutukuka polowetsa dzanja, nicithina pokoka. Mcira wa nailoni ausungunula ndi khala la moto. Koma thonje ndi bwazi sizisungunuka, zipsa, ndipo ziyenera kupakidwa phula ndi kubwezedwa m'kati mwa mfundo ndi singano.

Tsiku lina ndinaonetsa mfundoyi kwa mkulu wina wosoka maukonde ku nyanja, ndiri kunyada kuti ndadziwa nzeru ya ku Genoa. Anaiyang'ana, nasolola nsici ija pakati pace, nakoka zotsalazo, naseka, nati, Aphunzitsi, si mfundo yomangira mtolo wa nkhuni iyi? Ndipo ananena zoona. Mai wobereka mwana kumbuyo, akamanga bwino nsaru pa cifuwa, amanga mfundo yomweyi. Agriki akale anaidziwa naicha mfundo ya Hercules. Cacilendo ndi kuindandalika pa nsici basi.

Nanga Malembo atani? Pa Genesis 24 mnyamata wa Abrahamu abveka Rebeka zingwinjiri pa mikono, ndipo palibe mau omtsutsa. Pa Numeri 15 Aisrayeli alamulidwa kuika mphonje pa zobvala zao kuti zikhale cikumbutso. Pa Yesaya 3, pa 1 Timoteo 2 ndi pa 1 Petro 3 zokometsera zidzudzulidwa ndithu, ndipo tisacepse cidzudzuloco. Koma codzudzulidwa ndi kunyada ndi kutama cuma, ndipo cikhudza nsapato za mtengo wapatali monga cikhudza mkanda. Abale a Ciroma awerenga mapemphero pa korona, Asilamu pa mikanda yao. Ndipo dzina limene Angerezi acha nalo mkanda linali kale mau onena pemphero.

Cithumwa ciripo, ndipo sindinena kuti tileke kulimbana naco. Mkuzi wa khanda wokhala ndi kamuzu, mphinjiri ya m'khosi, kathumba kosokedwa ka kwa sing'anga, zonsezi tizidziwa. Koma cipangitsa cinthu kukhala cithumwa ndi cimene mwini wace acikhulupirira, ndipo ici diso silitha kuciona. Lero m'mizinda muli ogulitsa zibangiri zokongola za miyala, zopanda muzu kapena kathumba, amene auza wogula kuti mwala uwu uitana ndalama, uwu uciritsa mtima, uwu ucinjiriza ku maso oipa. Ndipo mkulu wa mpingo angabvale cotere pa Mgonero osafunsidwa ndi munthu, pamene mwana wamasiye alandidwa mikanda ya amace. Mpeni ugwira wosalakwa nusiya wolakwa. Ine tsopano ndimafunsa mafunso atatu, pa tokha, osati pamaso pa kalasi: Anakupatsa ndani? Anati nca nchito yanji? Ungathe kucibvula ndicione? Wobvala cokometsera abvula akuseka, nakuuzanso mtengo wace. Wobvala cithumwa abisa mkono kumbuyo; ndipo pamenepo nchito yanu si ya mwanayo, koma ya kukakhala pa khonde ndi akuru ace, ndi kumva mantha amene anawatumiza kwa sing'anga, kapena ndi nthenda, kapena ndi maliro otsatizana.

Pa ola la nchito za manja ndayamba kuphunzitsa kalukidwe aka, koma ndi lamulo limodzi, lakuti cingwe apote okha ndi khonje kapena thonje, ndi mikanda ikhale njere za m'chire zobowola okha. Owerenga mobvutika pa bolodi awerenga mfundo mosalakwa, ndipo agogo awiri a m'mudzi abwera Lacinai kudzaonetsa kupota, cinthu cimene sanayesa kuti sukulu idzawafunsa.

Za mwana uja, ndinapita kwao Loweruka lomwelo kukapepesa, ndipo agogo ace anandiyalira mphasa ngati sindinacita kanthu. Lolemba anabwera ku sukulu. Mikanda inali pa mkono, yocepa kusiyana ndi kale, popeza ina inatayika m'dothi la m'kalasi. Inatungidwa pa ulusi wa thonje wopota pa nchafu, ndipo pakati pa mkanda uli wonse ndi unzace agogo aja anamangapo mfundo.